Tsamba Lomaliza la Utuchi

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa ngati chilonda cha pamalo osaonetsa. Koma poti a Nyirenda amaikamba molakwika pamaliro aliwonse amene takumana, bola ndiulule ndekha. Manyazi ake ndi anga, ndiye mundilole ndiwasenze bwinobwino.

Anali masiku aja a chipani chimodzi, ine ndili kalaliki pamakina ochekera matabwa ku Chikangawa. Ndinali mnyamata wa ku Ntchisi, dzina langa Wyson Chikuse, womanga tayi ngakhale Loweruka. Mtima wanga unali utagwera namwali wina wa kufupi ndi Mzimba Boma, Elestina. Namwaliyo anali atalola kale. Vuto linali bambo ake.

Bambo akewo, a Shaba, anali mkulu wa mpingo, munthu woti ukayetsemula pafupi naye umayamba wapepesa. Za ukwati wathu sanavomere, komanso sanakane. Ankangoti, "Tiyambe tamuona makhalidwe."

Ndiye ine ndinalumbira kuti makhalidwewo awaona, afune asafune.

Kuntchito kwathu tinali ndi kalabu ya antchito, ndipo kalabuyo inkatulutsa kanyuzi mwezi ndi mwezi, dzina lake Utuchi. Panalibe wolipidwa, tonse tinkangodzipereka. Munkakhala za mpira, za maliro, za amene kwawo kwabadwa mwana, ndi za amene mbuzi yake yasowa. Tsamba loyamba linali loyamika boma, chifukwa a tcheyamani a chipani a nthambi yathu ankayenera kukaona kanyuziko kasanatuluke. Iwo ankawerenga tsamba loyamba lokhalo, n'kugwedeza mutu, n'kubweza.

Anthu ena onse ankathamangira tsamba la mpira, lolembedwa ndi a Nyirenda. Awa anali dalaivala wa lole ya matabwa, mbadwa ya komweko ku Mzimba, bambo wa mimba yake ndi pakamwa popanda buleki. Ankalemba ndendende zimene anthu akuwa pabwalo. Goloboyi akaphonya mpira, zonse zimene wanenedwa iyeyo, mayi ake ndi agogo ake zinkalowa mu Utuchi popanda kuchotsa ngakhale chilembo.

Mkonzi wakale atasamutsidwa, ine ndinakweza dzanja ndisanafunsidwe. Ndinkadziona kale ndikupereka kanyuzi koyera m'manja mwa a Shaba, dzina langa lili pansi.

Pamsonkhano woyamba wa komiti ndinaimirira ndi kumanga batani la jekete.

"Kuyambira lero, Utuchi ukhala waulemu. Kutukwana kwatha!"

"Point of order!" anakuwa a Nyirenda. "Imwe a Chikuse, chipika chikakugwerani paphazi mumati chiyani? 'Zikomo chipika'?"

"Zonena pamakina n'zina, zolemba n'zina. Pepala limafika m'manja mwa ana ndi azibusa."

"Azibusawo ndiwo amayamba kubwereka! Mukachotsa mawu amenewo, mbwenu mwachotsa mchere. Anthu azingokulungira usipa."

"Ngakhale panopa amakulungira usipa."

"Enya, koma atawerenga!"

Anthu anaseka, ine osaseka. Kenako Mayi Phiri, anamwino a pachipatala chathu chaching'ono, amene ankatsogolera komiti, anafunsa funso limene linandigwetsa m'mbuna.

"A Chikuse, kuno kuli Alomwe, Asena, Ayao, Atonga, Ankhonde. Wina akalemba chitukwano cha kwawo, inu mudzachizindikira bwanji? Mudzaletsa chimene simuchidziwa?"

Munthu wanzeru akanakhala pansi. Ine ndinamenya tebulo.

"Ndipanga mndandanda! Chitukwano chilichonse cha chinenero chilichonse. Aliyense wa komiti ino adzakhala ndi kope lake, kuti tikaona liwu tizingothetha."

"Serious?" anatero a Nyirenda.

"Very serious!"

Lolemba m'mawa, nkhungu ya ku Chikangawa isanachoke pamitengo ya paini, ndinali nditalowa kale m'shedi ndi kabuku ndi pensulo. Ndinaiwala chinthu chimodzi. Masiku amenewo munthu wa kabuku, wofunsa kuti "kodi anthu kuno amanena zotani akakwiya," ankaopedwa kuposa njoka. Woyamba kumufunsa anapisa m'thumba n'kundionetsa khadi la chipani. Wachiwiri anati iye chibadwire sanakwiyepo. Wachitatu anangolowa m'nkhalango, n'kubwera mawa lake.

Sindinabwerere m'mbuyo. Ndinakwera pamulu wa matabwa nthawi ya nkhomaliro n'kufotokoza zonse poyera, kuti sindifuna dzina la munthu, ndikufuna mawu okha.

Abale, ndinatsegula mpopi wopanda chotsekera.

Mlomwe wina wa pamakina ochekera anandikuwira lake m'khutu, makina akulira, kenako makinawo anazima mwadzidzidzi iye ali pakati pa liwu, shedi yonse n'kumva. Mkulu wina wa ku Nsanje anandipatsa asanu ndi awiri motsatizana osapuma, n'kundiuza kuti ndibwerenso Lachinayi chifukwa aakuluakulu ake anali asanawakumbukire. Amayi ogulitsa mandasi pageti, amene ndinkawayesa angelo, anandipatsa ena oti pensulo yanga inachita kuima yokha. Ndinkafunsa modekha kuti, "Limeneli limanena chiwalo chiti?" ndipo ankandifotokozera mwaulemu wonse, ena mpaka kuloza.

Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi, abusa ali pakhomo kupereka moni, bambo wina anandikuwira ali kutsidya la msewu.

"A Chikuse! Ndakumbukira lina! Lonunkha kwambiri!"

Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuona nyengo. Koma madzulo ake ndinapita kukalitenga, chifukwa ntchito ndi ntchito.

Amene anandivuta anali Atumbuka okha. Onse ankadziwa kuti ndikufunsira mwana wa kwawo, ndiye ankanditenga ngati mkamwini wawo, amene iwo amati mkweni.

"Imwe ndimwe mkweni withu," ankatero. "Titukwane pamaso pinu? Yayi."

Nditakakamira kwambiri anandiponyera anayi, ofooka, oti ngakhale nkhuku singathawe. Ndinapita kwa a Nyirenda.

"Ine zida zanga sindipereka kwa mdani," anayankha, n'kuliza lole.

Mwezi utatha ndinali ndi mawu sikisite-eyiti. Ndinawasanja bwino, mtundu uliwonse mzere wake, liwu lililonse nambala yake, ndi tanthauzo lake pambali kuti komiti isavutike.

Tsono mumve mmene Utuchi unkasindikizidwira. Tinkataipa pa sitensulo, pepala lija lofewa ngati la phula limene taipi imaboola, n'kuikoleka pamsomali wa kuseri kwa chitseko cha ofesi. Lachisanu masana a Mvula, amesenjala athu, ankatenga zonse za pamsomalipo, n'kuzikulunga imodziimodzi pamakina a inki, n'kumapukusa. A Mvula anali ndi malamulo awiri. Loyamba, chili pamsomali n'chosindikiza. Lachiwiri, mapepala ndi osowa, ndiye tsamba silituluka loyera kumbuyo.

Mndandanda wanga ndinautaipanso pa sitensulo, kuti a Mvula andipukusire makope asanu ndi awiri a komiti. Kuti mawu onse akwane, mutu wake ndinaukankhira pamwamba penipeni: MAWU OLETSEDWA, ASAONEKENSO MU UTUCHI. Sindinadziwe kuti pamwamba penipenipo ndi pamene makina amaluma sitensulo, inki osafikapo. Pansi ndinalemba monyadira: "Wosonkhanitsa ndi kulemba mosamala, W. Chikuse, Mkonzi."

Ndinaikoleka pamsomali, pamwamba pa masitensulo asanu a Utuchi wa mwezi umenewo, ndi cholinga choti ndiwauze a Mvula kuti iyi ndi yapadera. Ndisanawaone, uthenga unafika wochokera kwa a Shaba, wakuti tipite mawa lake Loweruka tikamve yankho.

Mutu unazungulira. Ndinathamanga kukabwereka nsapato, kukameta, kukafuna makala a simbi. Za msomali zinauluka.

A Mvula anapeza masitensulo asanu ndi imodzi. Mapepala atatu, kutsogolo ndi kumbuyo, ndendende! Akuti anasangalala kwambiri, chifukwa aka kanali koyamba kuti mkonzi awerengere bwino masamba. Anapukusa, anamenya sitepula, anapita nako kwa a tcheyamani. A tcheyamani anawerenga tsamba loyamba, anagwedeza mutu, anabweza.

Loweruka m'mawa ndinadutsa pa ofesi n'kutenga makope awiri pamwamba pa mulu, inki ikununkhirabe. Sindinatsegule. Ndikanatsegulirenji, poti ndinalemba ndine?

Kwa Atumbuka mkamwini sapita yekha, amapita ndi thenga, munthu womuyankhulira. Ine kumpoto ndinalibe mbale, ndipo munthu yekhayo wodziwa mwambo komanso wokhala ndi galimoto anali a Nyirenda. Tinkakangana za kanyuzi, inde, koma anali atavomera udindowu kalekale. Tsiku limenelo anali osangalala modabwitsa. Msewu wonse wotsika m'mapaini ankangoimba mluzu.

"Utuchi wa mwezi uno mwauwerenga, a Chikuse?"

"Ndaulemba ndine."

"Nadi, mwalemba!" anatero, akumenya chiwongolero. "Chomene mwalemba!"

Ndinayesa kuti munthu wagonja, ndipo ndinamumvera chisoni pang'ono.

Titafika, anandikhazika pakampando kakafupi pafupi ndi khola la ng'ombe, kutali ndi eni mudzi. A Shaba anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi ang'ono awo awiri. Azimayi a pamudzipo, pamodzi ndi apongozi aakazi, anakhala pamphasa chapambali. A Nyirenda anali atandichenjeza m'lole kuti mkamwini sayankhula ndi apongozi mwachindunji, sayandikira, sadzuka asanauzidwe. Chilichonse chimadzera kwa thenga. Ukaphwanya, mbuzi.

Malonje atatha, ndinawanong'oneza a Nyirenda.

"Apatseni kanyuzika. Muwauze kuti makhalidwe anga onse ali m'menemu."

"Ndinene choncho?"

"Nenani choncho."

Anapita chogwada, anawomba m'manja, ananena choncho. A Shaba anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mwapang'onopang'ono, chala chikutsatira mzere. Tsamba loyamba anagwedeza mutu. Lachiwiri, la maliro, anapukusa mutu mwachifundo. Ine mtima uli m'malo, ndinatulutsa kope langa kuti ndizitsatira nawo. Ndinayang'ana tsamba la mpira, loyera ngati nsalu ya ubatizo. Ndinamwetulira. Ndinatembenuza kumbuyo.

Mayo ine!

Mawu onse sikisite-eyiti ali ndandanda, inki yake yakuda bii kuposa masamba ena onse. Mutu uja wonena kuti ndi oletsedwa kulibe. Chimene chinatuluka bwino kwambiri chinali dzina langa, ndi mawu akuti "mosamala."

A Shaba anali pa tsamba lachitatu. Ananyambita chala.

Kuchoka pamene ndinakhala kukafika pamtengo wa mango panali mapazi khumi okha, koma mwambo unali utandikhomera pakampando.

"A Nyirenda!" ndinanong'ona. "Auzeni tsamba lomaliza asawerenge!"

Anawomba m'manja n'kuyankhula Chitumbuka chosavuta, choti ngakhale ine ndimve.

"Adada, mkweni akuti tsamba lomaliza akuchita nalo manyazi, chifukwa ndi limene waikapo mtima wake wonse."

"Kudzichepetsa n'kwabwino," anatero a Shaba. Ananyambita chala. Tsamba lachinayi.

"Sindinatero! Auzeni kuti silinalembedwere iwo!"

"Akuti silinalembedwere anthu wamba. Ndi la akuluakulu okhaokha."

Ang'ono awo a a Shaba anasendeza mipando kufupi.

"A Nyirenda, ndapota nanu, auzeni zoona!"

"Akuti ndinene zoona. Zoona zake n'zakuti anayenda mwezi wathunthu, khomo ndi khomo, kusonkhanitsa zimene zili pamenepo. Ngakhale Lamulungu sankapuma."

Limenelo silinali bodza, ndipo ndi chimene chinandipweteka kwambiri.

"Mbwenu tidumphe izi za mpira," anatero a Shaba, n'kutembenuza. Anasendeza pepala kutali ndi maso, analibweza pafupi. "Zilembo zachepa chomene. Elestina! Bwera utiwerengere, amayi ako amve nawo."

Elestina anatuluka m'khitchini atavala chitenje chatsopano, anagwada, analandira pepala ndi manja awiri. Anatsegula pakamwa.

"Nambala wani..."

Anaima. Anayang'ana pepala, anayang'ana ine. Anaika pepalalo pansi bwinobwino, anadzitseka kukamwa ndi chitenje, n'kuthamangira kuseri kwa nkhokwe, mapewa akugwedezeka. Ndinati basi, mwana wa eni akulira, ukwati watha. Ndinamva zaka zingapo pambuyo pake kuti ankaseka mpaka kugwa m'mbatata.

A Shaba anatola pepala lija, ananyamula mpando n'kuuika padzuwa. Anawerenga okha. Kumbuyo kwanga ng'ombe zinkangobzikula. Chala chawo chinatsika mzere woyamba, chinakwera, chinatsika wachiwiri. Sanadumphe ngakhale limodzi. Atafika pa dzina langa anavula magalasi.

"Azimayi inu, tapitani mukaone za kukhitchini."

Azimayi aja anadzuka mosafuna.

Pamenepo ndinati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Mbuzi ipite, koma Elestina sindimusiya chifukwa cha msomali. Ndinatsika pakampando, ndinayenda ndi mawondo mapazi khumi onse aja, thalauza lobwereka likukwekwereza m'fumbi, n'kukagwada pamaso pawo.

"Bambo, ndalakwa kuyankhula nanu, mbuzi ndipereka. Koma ndimvereni. Ine chibadwire sinditukwana. Mawu amenewa ndinawasonkhanitsa kuti ndiwaletse!"

Ndinafotokoza zonse, za komiti, za sitensulo, za msomali, za a Mvula. Ndinalumbira kuti ndikabwerera ndikatolera makope onse n'kuwatentha. Nkhope ya a Shaba inali gwa. Kenako anamenya pepala lija ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Mbuzi mupereka, imeneyo si nkhani. Nkhani ndi iyi. Achewa mwawapatsa twente-thu. Asena seventini. Ise anayi?"

"Bambo?"

"Anayi! Ndipo anayiwo nga ŵana a Sande sukulu! Pepala ili lifika ku Boma, lifika ku Lilongwe, anthu aziti ku Mzimba kulibe amuna. Ine ndinagwira ntchito pansi pa mgodi ku Joni zaka zambiri Chiuta asanandigwire. Ndani anakuuzani kuti ndife osauka?"

Kenako anandifunsa:

"Muli ndi pensulo?"

Ndinali nayo. Sindinkayenda popanda pensulo.

"Lembani. Ine sinditukwana, ndikungokonza mbiri."

Abale, zimene zinatuluka pakamwa pa mkulu wa mpingo uja zinapangitsa Asena onse kuoneka ngati ophunzira. Ankatchula modekha, maso ali kumwamba, ngati akukumbukira mayina a anzake amene anamwalira. Ang'ono awo ankathandizira. A Nyirenda, mdani uja wosapereka zida, anavula chipewa mwaulemu. Titafika pa khumi ndi asanu a Shaba anati akwana. Pamenepo mawu a apongozi aakazi anamveka kuchokera kuseri kwa nkhokwe.

"Mwaiwala lija munanena ngolo itagwa pamlatho!"

"Lija n'lachizungu cha ku mgodi," anayankha a Shaba osatembenuka. "Silikuwerengedwa."

Atatha anandilamula kubwerera pakampando kanga. A Nyirenda, akupukuta misozi, anawomba m'manja n'kufunsa za nkhani imene tinabwerera.

A Shaba anavalanso magalasi.

"Munthu uyu wasenza mawu onsewa mwezi wathunthu. Lero thenga wake wamugulitsa pamaso pathu, ndipo sanatulutse ngakhale limodzi. Ameneyo sadzatukwana mwana wanga. Amutenge."

Amayi analuluta kukhitchini. Ine ndinatsala pang'ono kulira.

"Kweni," anapitiriza, chala chikuyenda pamndandanda mpaka chinaima, "mumuuze kuti iyeyo ndi nambala naini."

Sindinafunike kuyang'ana papepala. Nambala naini inali ya mkulu wa ku Nsanje uja, yonena za munthu amene nzeru zake zinakamanga nyumba pamalo pamene anthu ena amakhalira. Ndinawomba m'manja n'kunena kuti yewo.

Makope aja sindinatenthe ngakhale limodzi, chifukwa pofika Lolemba panalibe wovomera kuti ali nalo. Aka kanali koyamba kuti Utuchi usakulungire usipa. Koma ndinene monyadira kuti cholinga changa chinatheka, chifukwa kuyambira mwezi umenewo kutukwana kunatheratu ku Chikangawa. Chipika chikagwera munthu paphazi, umangomva, "Sate-foro!" A Nyirenda anapitiriza kulemba za mpira, ndipo ankalemba kuti, "Goloboyi ataphonya, anthu anati thwelofu, ena twente-sikisi, ndipo mayi wina wa mandasi anafika mpaka fifite-wani." Ndinkawerenga ndi pensulo m'manja, osapeza chothetha. A tcheyamani atamva manambala akuuluka paliponse anadzafunsa ngati si chinsinsi cha oukira boma. Tinawabwereka kope kuti aone okha, ndipo mpaka chipani chinachoka sanabweze.

Elestina ndakhala naye zaka zonsezi. Ndi mayi wa mvano, sanandiyankhulepo liwu loipa ngakhale limodzi. Dzulo ndinamuwerengera nkhaniyi ali pakhonde kusankha nyemba, n'kumufunsa ngati sindinachite bwino kuiulula ndekha kudziko lonse.

Sanadzutse n'komwe mutu.

"Naini," anatero.

Ukafuna kusesa mudzi, zinyalala zake usakaunjike pakhomo pa apongozi.